KUSANKHIDWA NKWINA, KUMALIZA NKWINANSO

Awa ndi mau amene mmodzi wa atolankhani athu anayankhula pa msonkhano wa makolo, ophunzira ndi anthu ena okhudzidwa ndi za maphunziro mu mzinda wa Blantyre. Tawasindikiza monga m'mene anawayankhulira.

 

Pondiitana anandiuza kuti ndidzayankhule za mtengo wa maphunziro ndi moyo wa ophunzira pa mayunivesite a boma. Ndisanayambe ndiulule chinthu chimodzi, kuopa kuti wina angadzachimve kumbali nkumati mnyamata uja anatinamiza. Ine digiri ndilibe. Ndinasankhidwa, ndinapita, ndinaphunzira zaka ziwiri ndi theka, kenaka ndinamanga katundu wanga nkubwerera kwathu. Sindinalephere mayeso, sanandichotse chifukwa cha mowa kapena mwano. Chinandichotsa ndi mimba ndi lendi. Tsono ngati pali chimene ndingakuuzeni madzulo ano ndi ichi: m'dziko muno taphunzira kutsegula chitseko cha yunivesite, koma sitinaphunzirebe kusunga mwana wa mmphawi amene walowa pa chitsekocho mpaka tsiku lovala gauni.

Ndiyambire kwa inu achikulire, chifukwa ambiri a inu mukamva mau oti yunivesite mumaona chithunzi china. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri kuno ndi ophunzira 90 okha. Koleji ya Chancellor inasamukira ku Zomba mu 1973. Amene munaphunzira masiku amenewo mumatiuza kuti munkafika ndi sutikesi yokha. Bedi linalipo, chakudya chinalipo katatu patsiku m'kafiteriya, mabuku analipo, ndipo pamwamba pake boma linkakupatsaniko kandalama ka sopo. Mwana wa mlimi wa ku Nthalire ndi mwana wa nduna ankadya nsima ya mphika umodzi. Zimenezi ndi zoona ndipo sitiyenera kuzikana chifukwa choti zinachitika mu ulamuliro wa chipani chimodzi.

Koma inu nomwe mukudziwa kuti chakudya chimenecho chinali ndi mtengo wake. Choyamba, odyawo anali ochepa kwambiri, kagulu kosankhika pakati pa ana zikwi zambiri amene ankathera ku Sitandade 8 kapena ku Folomu 2. Chachiwiri, mtengo wake unali kutseka pakamwa. Mphunzitsi ankaphunzitsa akudziwa kuti m'kalasimo muli khutu la boma. A Jack Mapanje, amene anali mkulu wa gawo la Chingerezi ku Chancellor, anamangidwa mu 1987 nkukakhala ku ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Ena a inu muli pano munathawa usiku nkukakhala ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare kapena ku London, ndipo munabwerera chikhululukiro cha 1993 chitaperekedwa.

Ndipo tisaiwale kuti zinthu zitayamba kugwedezeka, ophunzira anali patsogolo. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, boma linaitcha youkira. Anthu ambiri akuluakulu anakhala chete m'maofesi mwao, koma ophunzira a ku Chancellor anatuluka mu msewu ku Zomba kukaima kumbali ya maepiskopiwo, ndipo koleji inatsekedwa. Kalata imeneyo sinkanena za ufulu woyankhula wokha. Inkanenanso za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za kuchepa kwa malo m'sukulu, ndi za malipiro osakwanira a anthu apantchito. Riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zinabadwa kuchokera pamenepo. Malamulo aakulu a dziko amene tinalandira mu 1994 amanena mu gawo 25 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo gawo 33 limateteza ufulu wa aphunzitsi ndi ophunzira wofufuza ndi kuphunzitsa mopanda mantha. Ine ndinabadwa zonsezi zitachitika kale. Ndine mwana wa matipate, ndipo ndabwera kudzakuuzani m'mene lonjezolo linaonekera litafika kwa ife.

Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulaimale, ndipo ana a sukulu anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Anawo anakula, ena a iwo anakhoza, ndipo anafika pa chitseko cha yunivesite. Boma linaonjezera masukulu. Yunivesite ya Mzuzu inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Koleji ya Bunda inachoka mu Yunivesite ya Malawi nkukhala LUANAR mu 2012. MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: Chancellor inatsala ndi dzinalo, Polytechnic inakhala MUBAS, ndipo makoleji a udokotala ndi unamwino anakhala KUHeS. Zonsezi ndi zabwino. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tinaonjezera maina pa mndandanda wa osankhidwa, koma sitinaonjezere mabedi, miphika ndi mabuku molingana ndi mainawo.

Pang'ono ndi pang'ono katundu anachoka pa mutu pa boma nkukatsika pa mutu pa kholo. Chakudya chaulere cha m'kafiteriya chinatha, m'malo mwake ophunzira ankalandira alawansi kuti azidzigulira okha. Mu 2015 alawansi ija inathanso kwa ophunzira atsopano, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe loona za ngongole za ophunzira a m'sukulu za ukachenjede kuti osowa azikongola. Mu 2016 Yunivesite ya Malawi inakweza fizi kufika pa K400,000 pachaka. Ophunzira anachita zionetsero, ndipo mtsogoleri wa dziko, a Peter Mutharika, anatsitsako K50,000. Mu 2023 fizi pa yunivesite yomweyo inachoka pa K350,000 kufika pa K650,000. Ndipo musaiwale kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mlimi amene amagulitsa chimanga kapena soya kamodzi pachaka, wakuba anamulowera m'thumba kawiri iye ali mtulo.

Komabe ndikufuna mundimvetse bwino apa, chifukwa ndi pamene ambiri timasochera. Tikamakangana m'manyuzipepala timakangana za fizi, chifukwa fizi ili ndi nambala ndipo imalengezedwa pa wailesi. Koma chimene chimagwetsa ophunzira ambiri ndi ndalama zimene sizilengezedwa. Mwana akapanda kupeza malo m'hositelo amakachita lendi m'makomboni ozungulira sukulu. Amene mumadziwa Zomba mukudziwa Chikanda, amene mumadziwa Mzuzu mukudziwa Luwinga, ndipo kuno ku Blantyre mumawaona akutsetsereka wapansi kuchokera ku Chitawira ndi ku Zingwangwa m'mawa uliwonse. Eni nyumba akudziwa kuti ophunzirawo alibe kolowera, choncho kachipinda kamene kale kanali kosungiramo makala lero kali ndi mabedi anayi. Pamwamba pa lendi pali ufa, ndiwo, makala, sopo, mayunitsi a magetsi, fotokope, ndi bandulo ya intaneti, pakuti masiku ano aphunzitsi amatumiza ntchito pa foni. Wopanda laputopu amadikira kuti mnzake agone kuti abwereke yake.

Ndiloleni ndikuuzeni za ine, osati chifukwa nkhani yanga ndi yachilendo, koma chifukwa si yachilendo. Ndinaphunzira pa sukulu yoyendera ya kumudzi, imene inalibe labotale ndipo buku la Biology linali limodzi pa ana khumi. Dzina langa litatuluka mu nyuzipepala, mudzi wonse unabwera kunyumba. Amayi anagulitsa mbuzi ziwiri, amalume anapereka ya thiransipoti, a kumpingo anasonkha ya bulangete ndi ndowa. Ngongole ya fizi ndinaipeza, ndipo ndimathokoza. Chaka choyamba ndinapirira. Tinali anayi m'chipinda, tinkasonkherana kugula kathumba ka ufa kaja mumakatcha wokumani, ndi bonya kapena soya, nkuphika kamodzi madzulo pa mbaula. Masana ndinkakhala m'laibulale, osati chifukwa chokonda mabuku kuposa anzanga, koma chifukwa m'laibulale simumveka fungo la chipisi.

M'chaka chachiwiri amalume amene ankandilipirira lendi anadwala nkumwalira. Ndinayamba kulembera anthu makalata ofunsira ntchito, kuphunzitsa ana a eni nyumba, ndipo kenaka ndinagwa m'manja mwa akatapila. Mukudziwa m'mene katapila amakhalira: ukakongola K20,000 mwezi ukatha amafuna K30,000 kapena kuposa. Tsiku lina ndinabwera kuchokera ku kalasi nkupeza loko wachilendo pa chitseko, mabuku anga ali m'katimo. Ndinagona milungu itatu pansi m'chipinda cha mnzanga, kulowa usiku ngati mbala kuopa alonda. Mayeso a chigawo chimenecho ndinakhoza ndithu. Koma chigawo chotsatira ndinaona kuti sindingathe.

Ndinapita ku ofesi kukanena kuti ndikufuna kuimitsa maphunziro kaamba ka ndalama. Anandipatsa fomu, ndinalemba, anadinda, ndipo zonse zinatha m'mphindi zosakwana khumi. Amene anandithandizawo sanali munthu woipa, ndipo pa desiki pao panali mulu wa mafomu ngati yanga yomweyo. Koma mpaka lero chimandipweteka ndi choti panalibe amene anandifunsa kuti, kodi mwana iwe, chatsala kuti umalize ndi ndalama zingati? Akanafunsa ndikanawauza kuti ndi lendi ya miyezi inayi ndi thumba limodzi la chimanga. Dziko linali litandiphunzitsa zaka khumi ndi ziwiri, linali litandikongoza fizi ya zaka ziwiri, ndipo linanditaya kaamba ka ndalama zimene ena a ife timamwera pa Loweruka limodzi.

Kumeneko ndi kwa ine mwamuna. Kwa alongo athu ndi koposa. Mtsikana amene lendi yamuthera amapeza magalimoto akumudikira pa geti madzulo, ndipo eni magalimotowo si ophunzira anzake, ndi abambo a maina awo m'tauni muno, ena ndi akuluampingo. Akatenga mimba kapena matenda timati ana a masiku ano alibe mwambo, osafunsa kuti anadya liti komaliza. Wophunzira wosaona amafuna mabuku a zilembo zake, woyenda pa njinga ya olumala amapeza kalasi yake ili pamwamba pa masitepe. Ndipo pali matenda ena amene sitikonda kuwatchula, a nkhawa ndi maganizo. Apolisi akhala akutiuza kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna ndipo ngongole ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Mnyamata amene mudzi wonse unamuvinira sangabwerere nkukanena kuti zandikanika. Amasunga m'mimba mpaka zimuphulikire.

Tsono wina anena kuti, kodi iwe ukufuna boma lizilipirira aliyense ngati kale? Ndalamazo zichokera kuti, pamene m'zipatala mulibe mankhwala ndipo ana a pulaimale akuphunzirira pansi pa mitengo? Funso limeneli ndi loona ndipo sindilithawa. Ine sindikupempha yunivesite yaulere kwa onse. Tinene chilungamo, ana ambiri amene amakhoza bwino mayeso a MSCE amachokera m'sukulu zogonera konko ndi m'sukulu zolipira zodula, kumene makolo amalipira pa teremu imodzi ndalama zoposa fizi ya chaka chonse ya ku yunivesite. Sichingakhale chilungamo kuti mayi wogulitsa tomato pa msika wa Ndirande, amene amadulidwa msonkho pa sopo ndi pa mayunitsi, azilipirira mwana wa bwana. Amene angathe alipire, ndipo alipire mokwanira. Chimene ndikukana ndi choti mwana wosauka amene wadutsa mipanda yonseyo, nkufika pamodzi ndi anzake opeza bwino, agwe pa mpanda womaliza kaamba ka nsima.

Pali zinthu zimene zingachitike popanda kudikira chozizwa, ndipo ndizitchula kuti aphungu ndi akuluakulu a masukulu amene ali muno asadzati sanamve.

Choyamba, tiwerenge. Chaka ndi chaka timauzidwa kuti asankhidwa angati ndipo alandira madigiri angati. Yunivesite iliyonse ya boma izilengezanso kuti asiyira panjira ndi angati, anyamata angati, atsikana angati, ndipo chifukwa chiyani. Chimene sichiwerengedwa sichilowa mu bajeti.

Chachiwiri, ngongole izifika sukulu isanatsegulidwe, ndipo gawo la chakudya ndi malo ogona lizikwera pamene mitengo ya zinthu yakwera. Njala sidikira kuti mafomu asainidwe, ndipo mwezi umodzi wochedwa ndi umene umapereka mwana kwa katapila.

Chachitatu, pa sukulu iliyonse pakhale malo amene wophunzira angapeze mbale imodzi ya nsima ndi nyemba pa mtengo wotsika. Masukulu ena ali ndi minda, ndipo tili ndi yunivesite yathunthu ya zaulimi. Sizingatikanike kudyetsa ana athu kamodzi patsiku.

Chachinayi, malo a m'hositelo aziyambira kwa olumala, atsikana a chaka choyamba ndi ochokera m'mabanja osowa, ndipo ndondomeko yake izikhala poyera. Kwa otsalawo, sukulu ndi khonsolo ziziyendera nyumba za lendi kuona ngati muli chimbudzi, madzi ndi chitseko chokhoma.

Chachisanu, pakhale thumba la ngozi, ndi munthu wophunzitsidwa uphungu amene ntchito yake ndi kumvetsera. Wophunzira asanadindiridwe fomu yosiyira sukulu, azikhala naye pansi kaye. Ntchito zing'onozing'ono za m'laibulale ndi m'maofesi zizipatsidwa kwa ophunzira osowa kuti azipezerapo ya ndiwo.

Chachisanu ndi chimodzi, tileke chizolowezi chotseka sukulu nthawi iliyonse pakabuka mkangano. Mu 2011, mkulu wa apolisi ataitanitsa a Blessings Chinsinga kukawafunsa za zimene anaphunzitsa m'kalasi, maphunziro ku Chancellor anaima kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. Aphunzitsi ankamenyera chinthu choyenera, ndipo mlandu unali wa amene analowetsa mantha m'kalasi. Koma dziwani kuti sukulu ikatsekedwa lendi siima, ndipo digiri ya zaka zinayi ikasanduka ya zaka zisanu, woyamba kugwa ndi wosauka. Nanunso ophunzira, chitani zionetsero pakuti ndi ufulu wanu, koma galasi limene mwaswa ndi inu nomwe mudzalilipire, ndipo mwana wa bwana sadzamva kuwawa polipira.

Tsopano ndibwere kwa ife tili muno, chifukwa nkosavuta kuloza boma chala. Bungwe la ngongole lija lili ndi udindo wotolera ngongole zimene ophunzira akhala akutenga kuyambira mu 1985. Ena mwa amene sanabweze ndi anthu a mataye, oyenda pa magalimoto a boma, ena ndi omwe amatilalikira za kukonda dziko lathu. Ine ndemwe ndili ndi ngongole ya digiri imene ndilibe, ndipo ndikubweza pang'onopang'ono kuchokera pa kamalipiro ka utolankhani. Ngati ine ndingathe, bwanji inu amene satifiketi ili pakhoma? Kupatsa nkuika. Ndalama imene mwakhalira ndi mpando wa mwana wina amene dzina lake latuluka chaka chino.

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya nsima ikukhudzana bwanji ndi demokalase imene nyuzipepala yathu imamenyera. Ikukhudzana kwambiri. Ophunzira a 1992 anatha kuima pamaso pa boma loopsa chifukwa panalibe wandale amene akanawagula ndi chakudya chamadzulo. Lero wophunzira wanjala akapatsidwa tisheti ya chipani ndi kandalama ka m'manja, amakaimba nyimbo pa msonkhano wa munthu amene mumtima mwake akumunyoza. Kale pakamwa pa wophunzira pankatsekedwa ndi mantha a apayoniya ndi apolisi achinsinsi. Masiku ano njala ikugwira ntchito yomweyo popanda kumanga munthu. Ndipo ngati omaliza maphunziro azikhala ana a opeza bwino okhaokha, ndiye kuti majaji, madokotala ndi alembi aakulu a m'maunduna a mawa adzachokera m'mabanja omwe aja, ndipo sadzadziwa kuti ku Nsanje kapena ku Chitipa anthu amakhala bwanji. Pamenepo tidzakhala ndi zipani zambiri koma olamula ndi amodzimodzi.

Kwa inu achikulire amene munakhalako kunja, inu mukudziwa kuposa ine tanthauzo la kugona pansi m'nyumba ya mlendo. Munthu wina amene sanali mbale wanu anakutsegulirani chitseko, mpingo wina kapena bungwe lina linakulipirirani sukulu, ndipo ndi chifukwa chake lero muli ndi maina. Sindikupempha kuti mumange hositelo. Ndikupempha kuti mupite pa sukulu imene ili pafupi nanu, mufunse kwa mkulu woona za ophunzira kapena ku bungwe lao kuti ndani watsala pang'ono kusiya, ndipo mutenge mmodzi. Mabungwe a ophunzira akale, mipingo, mizikiti ndi makampani achite chimodzimodzi, poyera ndi mosayembekeza kuti mwanayo adzagwade kapena kubweza mwa njira ina. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Amayi anga akusungabe nyuzipepala ija munatuluka dzina langa. Ili mu sutikesi pamodzi ndi makadi a kusikelo ndi chitupa cha ukwati, ndipo mlendo akabwera amaitulutsa. Sanandifunsepo chifukwa chimene ndinabwerera, nanenso sindinawafotokozere zonse zimene ndakuuzani inu lero. Ndikusunga ndalama kuti ndidzabwerere kukamaliza, ngakhale ndidzakhale mkulu wa onse m'kalasimo. Koma pamene tikukambirana pano, pali mwana wina amene waima pa khomo la ofesi ndi fomu m'manja. Pempho langa ndi loti wina amufunse kuti chatsala ndi ndalama zingati asanadinde.